Msonkho wa VAT ndi chikumbumtima cha wodzilemba yekha ntchito

Pa Mateyu 17:24-27 timawerenga za okhometsa msonkho wa Kachisi amene adafikira Petro ku Kapernao, mudzi wa m'mbali mwa nyanja monga Makawa kapena Chembe. Yesu adaonetsa kuti sadali wokakamizidwa kulipira, komabe adatuma Petro kukaponya mbedza, ndipo ndalama ya m'kamwa mwa nsomba idalipirira onse awiri.

Petro adali msodzi, wosalandira malipiro a pamwezi. Akhristu ambiri kuno ku Mangochi ndi otero lero: ojambula zithunzi pa maukwati, okonza injini za maboti ku Monkey Bay, operekeza alendo ku Cape Maclear, amayi ophikira misonkhano ya mabungwe ku Nkopola. Iwowa alibe bwana wowadulira msonkho, choncho nkhani ya VAT imatsalira m'manja mwao.

Msonkhowu udalowa m'malo mwa surtax ndi lamulo la mu 2005, ndipo amatolera ndi a Malawi Revenue Authority. Kwa zaka zambiri udali 16.5 peresenti, mpaka kumapeto kwa 2025 pamene boma lidalengeza zoukweza kufika pa 17.5 peresenti. Si aliyense ayenera kulembetsa. Lamulo limaika malire a ndalama zimene munthu wagulitsa pachaka, ndipo malirewa amasinthasintha: mu 2021 adachoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni. Nkwanzeru kufunsa a MRA malire a chaka chino. Chimene ambiri amaphonya nchakuti amawerenga zogulitsa zonse, osati phindu lokha. Ndi mmene mitengo yakwerera chigwetsereni kwacha mu 2022 ndi 2023, munthu atha kudutsa malire m'thumba muli mbee.

Tsono wolembetsa ayenera kudziwa kuti ndalama ya VAT si yake. Tiyerekeze mayi waphikira msonkhano pa K1,000,000. Pamwamba pake aonjezera K175,000. Ngati pogula zinthu za ntchitoyo adalipira kale VAT ya K40,000, ndipo malisiti ovomerezeka ali nawo, achotsera imeneyo nkupereka K135,000 ku boma pofika pa 25 mwezi wotsatira. Pakati apa ndalamayo igona m'nyumba mwake, ndipo mpamene mayesero amagogoda. Fizi ya mwana, maliro, ngakhale pepa sande ya kutchalitchi, zonse zimailoza. Koma kuchotsa chakhumi pa ndalama imeneyi nkupatsa Mulungu mbuzi ya mnansi. Ndipo mwezi wa dzinja umene alendo asowa, fomu ya mweziwo iyenera kupitabe, ingakhale yonena kuti simudagulitse kanthu.

Palinso ena osalembetsa konse, koma amalemba VAT pa invoyisi chifukwa wolipira ndi bungwe kapena mlendo. Kumeneko nkuba kawiri, kwa wogula ndi kwa dziko. Chimodzimodzi funso lija lakuti mukufuna mtengo wa lisiti kapena wopanda lisiti, limene ngakhale akuluampingo amalifunsa osachita manyazi.

Ena adzati, nanga tiperekerenji pamene ndalama zake zimathera m'matumba mwa anthu? Dandauloli ndi loona. Cashgate ya mu 2013 sidaiwalike, ndipo wodwala akabwezedwa kuchipatala opanda mankhwala mtima umawawa. Koma Paulo polemba Aroma 13 za kupereka msonkho, wolamulira adali Nero. Amene amapereka ali ndi pakamwa pofunsira phungu wake kumene ndalama yapita, ndipo abusa athu azifunsa nawo molimba. Okhometsa nawonso Yohane Mbatizi adawachenjeza pa Luka 3 kuti asapyoze muyeso woikidwa. Wa msonkho wina aliyense akakuuzani kuti nkhani ingathe ndi ya fanta, pemphani kuti alembe papepala zimene akuti muli nazo ngongole, ndipo mukalipire kubanki ndi TPIN yanu.