Autism ya pa TV ni ina, ya ku Mfuwe ni ina

Ngati mumakonda kutamba ma series pa foni, mumudziwa Shaun Murphy wa mu The Good Doctor, mnyamata uja wa autism amene amagwira matenda oti madokotala akuluakulu awaphonya. Seweroli linayamba mu 2017 n'kutha mu 2024. Mu 2022 kunabwera Extraordinary Attorney Woo pa Netflix, loya wamkazi wa ku Korea amene malamulo onse ali nawo pamutu. Onjezanipo Elon Musk, amene mu 2021 anakamba pa Saturday Night Live kuti ali ndi Asperger's. Manje mu komboni anthu akamva za autism amangoti, "Aaa, baja ma genius." Ena mpaka amaika pa status kuti nawonso ali ndi ka autism pang'ono chifukwa sakonda chongo cha mu bar.

Kamera imasankha, mwandi. Imafuna munthu amene nkhani yake ingathe bwino m'maminiti 45. Mwana wa zaka 12 amene sakamba liwu olo limodzi, amene amadziluma dzanja mpaka magazi, amene amayi ake anaiwala kugona usiku wathunthu, ameneyo sagulitsa sewero. Koma nayenso ali ndi autism.

Mu 2013 bungwe la madokotala a za maganizo ku America, American Psychiatric Association, linatulutsa buku lotchedwa DSM-5. Linachotsa mayina angapo, kuphatikizapo Asperger's, n'kuika onse pansi pa dzina limodzi. Kenako linaika misinkhu itatu molingana ndi thandizo limene munthu afunikira. Wa Level 1 amakamba, angaphunzire, angagwire ntchito, koma macheza amamuvuta ndipo zinthu zikasintha mwadzidzidzi mutu umaima. Wa Level 2 afunika thandizo lalikulu. Amakamba mwachidule, ndipo vuto limaoneka ngakhale pali omuthandiza. Wa Level 3 afunika thandizo lalikulu kwambiri. Mawu ni ochepa kapena kulibiretu, kusintha kochepa chabe kumamupweteka mtima koopsa, ndipo ambiri afunika munthu pafupi tsiku lililonse.

Dokotala amayeza zinthu ziwiri payekhapayekha: kulankhulana ndi anthu, komanso khalidwe lobwerezabwereza zinthu. So mwana mmodzi angakhale 2 mbali iyi, 3 mbali inayo. Komanso si results ya Grade 7 yoti yatuluka yatuluka. Imasuntha ndi msinkhu, ndi thandizo, ndi malo amene munthu akhala.

Apo pa malo ndi pamene Mambwe ikulowera. Ku Kabulonga mwana wokonda kuthawa ali ndi mpanda wa njerwa, geti ndi mlonda. Ku Kakumbi, ku Mnkhanya, ku Nsefu kapena ku Malama, kuseri kwa nyumba kuli munda, kuseri kwa munda kuli tchire, ndipo mu Luangwa muli ng'ona ndi mvuu. Njovu zimalowa m'midzi, izi aliyense wa ku chigwa adziwa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics anapeza kuti pafupifupi theka la ana a autism anayesapo kuchoka pamalo otetezeka osauza munthu. Ambiri mwa ana otere amakopeka ndi madzi, ndipo saona ngozi mmene ife tiionera. Ku America amaopa swimming pool. Ku Mfuwe ganizani nokha.

Manje mayi afunika kupita kumunda, kukatunga madzi, kukafuna nkhuni. Mwana amusiyire ndani? Mukamva kuti mayi wina amatsekera mwana m'nyumba kapena kumumanga mwendo, ni choipa ndithu, chimamupweteka mwana ndipo chiyenera kutha. Koma musanajambule n'kuika pa Facebook, funsani kuti mudzi wonse, mpingo wonse, unamupatsa chiyani choti achite m'malo mwake. Bambo nthawi zambiri anachoka kale, atakamba kuti kwao kulibe vinthu ivi.

Za ufiti tisatayepo nthawi yambiri. Mwana sanalodzedwe, sanaperekedwe kuti bizinesi iyende, ndipo amayi ake sanalakwe kalikonse ali ndi pakati. Mbali yaikulu ya autism imayenda m'magazi a banja, ya bambo ndi ya mayi yomwe. Si katemeranso: nkhani ya 1998 imene inayambitsa mphekesera imeneyo, magazini ya The Lancet inaichotsa mu 2010. Bungwe la WHO linakambapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse ali ndi autism. Mankhwala ochiritsa kulibe, kaya kwa ng'anga, kwa ba prophet kapena m'botolo logulitsidwa pa WhatsApp. Mbuzi isungeni.

Chimene chili ndi mankhwala ni matenda oyenda nayo pamodzi. Khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana amene afunika thandizo lalikulu, ndipo m'mudzi mophikira pamoto wa pansi, kugwa kamodzi kungasiye chipsera cha moyo wonse. China chimene anthu ambiri saganizira: mwana wosakamba akayamba mwadzidzidzi kudzimenya mutu, mwina ni dzino, khutu, kudzimbidwa kapena malungo. Alibe mawu oti "pandiwawa apa". Tisanati wapenga, tiyambe tamuyeza thupi.

Kunja kuli mkangano pa dzina. Mu 2021 gulu la akatswiri limene The Lancet inasonkhanitsa linapempha kuti pakhale mawu akuti profound autism, kunena anthu ofunika wowasamala usana ndi usiku. Mu 2023 bungwe la CDC ku America linapeza kuti mwa ana a zaka 8 a autism amene linawerenga, pafupifupi mmodzi pa 4 anali m'gulu limeneli. Anthu ena a autism amene amadziyankhulira okha amakana dzinali, akuti limagawa anthu ndipo limachititsa kuti ena atayidwe ngati osaphunzitsika. Mfundo yawo ndiimva. Koma ine ndili mbali ya mayi wa ku Msoro. Pa ofesi ya boma amafuna pepala, ndipo pepala losanena kukula kwa vuto silitsegula chitseko chilichonse.

Tili ndi Persons with Disabilities Act ya 2012, ndipo bungwe la ZAPD ndilo limalembetsa anthu olumala. Pa Social Cash Transfer, banja limene lili ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo kuposa ena, koma pafunika umboni wa kuchipatala. Vuto ni lakuti autism sioneka ndi maso. Mwana amayenda, amathamanga kuposa tonse, ndiye a komiti ya m'mudzi amuyang'ana n'kuti, "Uyu ali bwino, ni wamwano chabe." Njira ya pepalalo imayambira pa kiliniki ngati ya Kakumbi, kupita ku Kamoto Mission Hospital, mwina mpaka Chipata Central Hospital, mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera ku Mfuwe. Akatswiri ambiri ali ku Lusaka, ku UTH ndi ku Chainama. Tangoganizani ulendo wa basi tsiku lonse pa Great East Road, ndi mwana amene sapirira phokoso ndi kukhudzidwa, nyimbo zili pa full.

Sukulu ni yaulere kuyambira 2022, zikomo. Koma ulere suthandiza mwana amene angatuluke m'kalasi n'kulunjika kumtsinje aphunzitsi ali pa bolodi. Ku Mfuwe bungwe la Time + Tide Foundation lili ndi ntchito yophunzitsa ana olumala kunyumba kwawo, kudzera mwa anthu a m'midzi momwemo amene aphunzitsidwa. Nzeru imeneyo ni ya bwino chifukwa thandizo limapita kumene mwana ali. Koma boma lonse la mafumu 6 silingadalire bungwe limodzi la za malodge. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo Malambo nayo imalandira. Kalasi imodzi ya mpanda, chimbudzi chake ndi mphunzitsi wa ku ZAMISE, ni chinthu choti Ward Development Committee ingapemphe. Ba khansala angamve ngati makolo 10 atabwera pamodzi.

Inu amene muli ku tauni ndipo mumatumiza ka mobile money kumudzi, ngati kuli mwana wotere kwanu, uzani a kunyumba ajambule ka vidiyo pa foni akamagwa khunyu kapena akamachita zimene zimawadetsa nkhawa, akaonetse a kiliniki pamodzi ndi khadi la under five. Mwana wa zaka 2 amene satembenuka akaitanidwa dzina ndipo saloza chinthu ndi chala, ayezedwe makutu choyamba. Lipirani zokhoma chitseko ndi mpanda. Zithunzi za kapu, mbale ndi chimbudzi zomata pakhoma zimathandiza ana ena kupempha chimene afuna. Ngati ni mtsikana, dziwani bwino amene amatsala naye, chifukwa sadzatha kunena amene wamugwira. Ndipo mukapita ku Malaila kapena pa Khirisimasi, tengani mwanayo tsiku limodzi lathunthu, amayi ake agoneko.