Thabwa la gogodela silinali la cangu

Ku Nyampande, mmisiri wosema thabwa la mfuti ya gogodela sanali kutema mukwa uliwonse. Anali kufuna mtima wofiila wa mtengo wokhwima, wopanda mfundo, wa mizele yoongoka, kuti usang'ambike mfuti ikalila. Akaceka, anali kuumitsa thabwalo pamthunzi miyezi yambili, cifukwa dzuwa limang'amba laliwisi.

Lelo mukwa ndi mukula timangogwetsa mothamanga, zipika n'kupita ku China zosaceka. Mu 2019 pangano la maiko la CITES linalamula kuti mukula usatuluke popanda cilolezo. Mtengo wotele umafuna zaka makumi ambili kuti ukhwime.

Anzanga a m'tauni, mfuti zisiyeni, koma luso lija litengeni. Phunzilani kusankha, kuumitsa ndi kupala matabwa. Wogulitsa citseko amapeza zambili kuposa wogulitsa cipika.