Matenda a Mudzi Asaletse Amai Kumwa Mapiritsi a Magazi

M'boma la Kafue, kuyambira ku Shikoswe ndi Zambia Compound kufikira kwa asodzi ku Chanyanya, muli amai apakati amene apita ku cipimo mokhulupirika, nayankha mafunso onse a namwino, koma nabwerera kwao osachula cinthu cimene ciwasautsa koposa. Cinthuco ndico matenda a mudzi, amene a cipatala alemba kuti piles: kutupa kwa mitsempha ya magazi pa njira ya cimbudzi. Mai amva kuyabwa, kupweteka pokhala pansi, ndipo nthawi zina aona magazi ofiira pang'ono podzithandiza.

Matendawa sabwera cifukwa ca kulodzedwa kapena kulakwira mwambo. Pamene mwana akula, cibaliro cilemera ndi kupanikiza mitsempha yobweza magazi kucokera kumunsi kwa thupi. Magazi a mai wapakati acuruka, pafupi kuonjezera theka pa amene anali nao kale, ndipo matumbo ayenda mwaulesi, kotero kuti mai adzimbidwa. Akakanika kudzithandiza adzikakamiza, mitsempha ija nitupa. Ndiye cifukwa cace bvutoli likula m'miyezi 3 yotsiriza ndi pa masiku otsatira kubereka. Kwa amai ambiri licepa lokha patapita masabata angapo mwana atabadwa.

Coopsa ceniceni cagona pa zimene mai acita mwakacetecete. Ku kiliniki apatsidwa mapiritsi oonjezera magazi, amene bungwe la World Health Organization m'malangizo ace a 2016 linati mai wapakati aliyense azimwa tsiku ndi tsiku. Mapiritsiwa adetsa cimbudzi, cimene sicoopsa, ndipo ena awadzimbitsa. Mai wamanyazi, poona kuti mudzi wakula, angowasiya pansi pa mphasa osauza munthu. Pamenepo wagula mpumulo wa masiku ocepa ndi mtengo waukulu, pakuti mai wocepa magazi akataya magazi pobereka alibe otsala omcirikiza, ndipo mwana wace angabadwe wocepa thupi kapena masiku asanakwane. Mudzi upweteka ndithu, koma kucepa kwa magazi kutenga moyo. Namwino akauzidwa angathe kusintha kamwedwe ka mapiritsi kapena kupereka mankhwala ofewetsa m'mimba oyenera mai wapakati. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Thandizo lalikulu lili m'mphika. Ufa wa bulekifasi, umene ambiri a m'tauni auyesa wapamwamba, wacotsedwa gaga, pamene gagayo ndiye afewetsa cimbudzi. Nsima ya mgaiwa wa kucigayo kapena ya ufa wa rola iposa pa nchito imeneyi, ndipo ndiyo yochipa. Cibwabwa, kalembula, bondwe, delele ndi nyemba zisasowe pa mbale, pamodzi ndi papaya, mango kapena magwafa monga mwa nyengo yace. Madzi abwino amwedwe makapu 8 kapena kuposa pa tsiku, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Tiyi asamwere pamodzi ndi mapiritsi, cifukwa aletsa thupi kulandira mphamvu yao.

Mai akamva kuti afuna kudzithandiza apite nthawi yomweyo, ndipo asakhalitse m'cimbudzi. Atsuke ndi madzi m'malo mwa zitsononkho, masamba kapena mapepala ouma. Kukhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu pa tsiku, kucepetsa ululu. Kugonera kumanzere kupepuza mitsempha yopanikizika ija. Zonsezi zifuna nthawi ndi madzi, ndipo apa ndipo amuna ayenera kuonetsa umuna wao. Mkazi wa miyezi 8 amene asenza cigubu ca malita 20 kucokera kudirawo ndi kuima tsiku lonse pamsika sangacire ndi malangizo okha.

Agogo ndi alangizi, amene mau ao amveka m'nyumba koposa a namwino, apewe kupereka mizu yotsegula m'mimba ndi zoika ku njira ya cimbudzi. Mphamvu ya zimenezi siyesedwa, ndipo zina ziyambitsa zowawa za kubereka nthawi isanafike. Cimodzimodzinso mankhwala a m'tuntemba: Brufen ndi aspirin mai wapakati asamwe popanda cilolezo ca a cipatala.

Tsono si magazi onse amene ali a mudzi. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Kafue adziwa likodzo, ndipo mtundu wina wa likodzo ukhala m'matumbo ndi kutulutsa magazi m'cimbudzi. Kamwazi nayenso atero. Ciliconse ca izi cili ndi mankhwala ace, ndipo cidziwika pokhapo mai atapimidwa. Koposa zonse, magazi ocokera ku njira yoberekera, ngakhale dontho limodzi, ndiwo cizindikilo ca ngozi. Mai wotere asayembekeze tsiku la cipimo: atengedwe msanga ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala cacikulu ca Kafue, usana kapena usiku. Ateronso amene cotupa cace cauma, cada ndi kupweteka kwambiri, kapena amene amva cizungulire ndi kupuma movutika.

Mbali ina ya nchito ili kwa a zaumoyo. Kupimitsa pakati m'makiliniki a Boma ndi kwaulere, koma mai sangaulule za mudzi pa benchi pamene anzace amvetsera. Anamwino a ku Nangongwe, Chanyanya ndi kwina konse azifunsa okha za kudzimbidwa pamene ali awiri ndi mai m'cipinda, asanampatse mapiritsi a mwezi wina. Magulu a Safe Motherhood Action Groups, amene anayambika m'Zambia mu 2003 ndipo ayenda khomo ndi khomo m'midzi, aonjeze funso lomweli pa ulendo wao, ndi kupempha kuona paketi ya mapiritsi kuti awerenge otsala.