Chikoreya cha masabata atatu? Musatinamize!

Pali bodza limene likuyenda m'mafoni a achinyamata kuno ku Chisepo, ndipo ine monga mphunzitsi sindingalisiye kuti lizingoyenda. Bodza lake n'lakuti munthu angathe kuyankhula Chikoreya m'masabata atatu okha, bola atumize ndalama yolembetsera, alowetsedwe m'gulu la WhatsApp, kenako azidikira ndege ya ku Seoul. Mwana wolemba Folomu 4 chaka chathachi, amene chiganizo chimodzi cha Chingerezi chimamutulutsa thukuta, akuuza makolo kuti agulitse mbuzi chifukwa mwezi wamawa akhala atatha chiyankhulo cha eni ake. Koma abale, tafika pamenepa?

Ndiyambe ndi kunena kuti sindikudana ndi Chikoreya. Kutalitali. Mwana amene waonera mafilimu a ku Korea n'kuyamba kufunsa kuti kodi anthuwa akuti chiyani asanawamasulire m'Chichewa, ameneyo ndi mwana wamoyo, ndipo ndimamukonda kuposa wongokhala phee kumbuyo kwa kalasi. Chimene ndikulimbana nacho ndi maganizo akuti chiyankhulo chimagulidwa ngati thumba la feteleza, lero walipira, mawa wasenza.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu sanama. Boma la America lili ndi sukulu yophunzitsa akazembe ake ziyankhulo, yotchedwa Foreign Service Institute. Sukuluyi imaika Chikoreya m'gulu la ziyankhulo zovuta kwambiri kwa munthu woyankhula Chingerezi, pamodzi ndi Chitchaina, Chijapani ndi Chiarabu, ndipo imati pamafunika maola pafupifupi 2,200 a m'kalasi kuti munthu azigwira nacho ntchito bwinobwino. Awatu ndi anthu ophunzira, okhuta, opanda dimba loti akathirire. Tsono masabata atatu ali ndi maola 504. Ngakhale mwanayo asagone, asadye, asapite kuseli, safika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendowo. Atamaphunzira ola limodzi tsiku lililonse osadumphitsa, maola 2,200 amutengera zaka zisanu ndi chimodzi. Wogulitsa Chikoreya cha masabata atatu akudziwa zimenezi kapena sakudziwa. Ngati akudziwa ndi wakuba. Ngati sakudziwa, akuphunzitsa chiyani?

Ndipo tisaiwale msanga. Mu 2013, nthawi ya ulamuliro wa mayi Joyce Banda, tinauzidwa kuti achinyamata zikwizikwi apita kukagwira ntchito ku South Korea. Anthu anathamanga kukalembetsa, ena anayamba kutsanzika. Boma la Korea linanena poyera kuti panalibe mgwirizano wotere, nkhani n'kuzilala. Dziko limene lija lili ndi njira yakeyake yolembera antchito akunja m'mafakitale ndi m'minda, imene inayamba mu 2004, ndipo maiko amene ali m'ndondomekoyi ndi a ku Asia monga Vietnam, Nepal, Philippines ndi Sri Lanka. Ngakhale anthu a kumeneko sakwera ndege asanakhoze mayeso a Chikoreya. Ndiye munthu akakuuzani kuti ali ndi khomo lakumbuyo lolowera ku Korea, gwirani chikwama chanu mwamphamvu.

Komabe mlandu waukulu sindikuuika pa akathyali okha. Iwo angopeza munda wolimalima. Amene tinaulima ndife, aphunzitsi, makolo ndi dongosolo lonse la mayeso. Mwana wa ku Malawi amakumana ndi Chingerezi kuyambira ku pulayimale mpaka Folomu 4, zaka khumi ndi ziwiri, ndipo amadziwa kuti akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona. Nanga n'chifukwa chiyani ambiri akamaliza satha kufotokoza njira yochokera ku Mponela kupita ku Madisi m'Chingerezicho? Chifukwa tinawaphunzitsa kuti chiyankhulo ndi manotsi oloweza mayeso akayandikira. Chaka chonse kukamwa kuli gwa, mwezi womaliza kugona m'kalasi ndi tochi. Mwana woleredwa chonchi akamva za masabata atatu sadabwa, chifukwa ndi mmene wakhala akuchitira moyo wake wonse.

Pamene umboni wotsutsa uli pakhomo pathu pomwe. Pitani ku Dzaleka, m'boma lathu lomweli la Dowa, kumene othawa kwawo akhala akufikira kuyambira 1994. Mukapeza anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda akutsatsa malonda m'Chichewa chomveka, ena mpaka kuponya miyambi. Analembetsa kosi ya masabata atatu kwa ndani? Anachiyankhula lero, mawa, mkuja, akulakwitsa, akusekedwa, akukonza. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare anabwerako ndi ziyankhulo za kumeneko, ambiri a iwo osadziwa kulemba dzina lawo. Chinsinsi chake chinali chimodzi: tsiku silinkadutsa osachigwiritsa ntchito.

Ife a kuno timalima fodya, ndiye sindifunika kunena zambiri. Nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ndani anayesapo kuisiya sabata yonse n'kudzathira migolo khumi Lamlungu kuti alipire ngongole? Mbande zimakhala zitapserera, ndipo madzi ochulukawo amangokokolola bedi. Ubongo ndi chimodzimodzi. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kalekale mu 1885 kuti zimene taloweza zimathawa msanga kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza motalikitsa nthawi ndiko kumazikhazika. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola anayi a Loweruka lokha.

Tsono kwa iwe mwana wanga amene ukufunadi Chikoreya, osati ndege yokha, tamvera. Uli ndi mwayi umene mzungu alibe. Zilembo zake, zotchedwa Hangul, anazikonza dala kuti zikhale zosavuta. Mfumu Sejong inazipanga mu 1443 n'kuzilengeza mu 1446 kuti anthu wamba, amene zilembo za Chitchaina zinkawakanika, athe kuwerenga. Zoyambira zilipo 24 zokha, ndipo ukalimbikira sabata imodzi ukwanitsa kuzitchula. Pamenepa ndi pamene akuba aja amabisala: amakuphunzitsa zilembo, iwe n'kuwerenga chikwangwani, n'kumati watha. Kutchula si kumva ayi.

Khutu lako linazolowera kale kusiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Chikoreya nacho chimasiyanitsa mawu ndi kampweya komweko, kungoti chimawonjezera mtundu wachitatu wotchula molimbitsa: bul ndi moto, pul ndi udzu, ppul ndi nyanga. Chilembo chawo chimodzi chimagwira ntchito ya l ndi r, monga mmene ifenso sitikanganirana pa ziwirizi. Ulemu sudzakudabwitsa, pakuti iwe sunganene kuti iwe kwa agogo ako. Kwa iwonso mneni amasintha malinga ndi amene ukuyankhula naye. Ali ndi mawerengedwe awiri, hana, dul, set ndi il, i, sam, ngati mmene ife timati mbuzi zitatu koma ndalama n'kuzitchula m'Chingerezi.

Koma pali malo awiri pamene udzagwa, ndipo palibe ndalama imene ingakudzutse. Poyamba, mawu athu onse amathera pa a, e, i, o, u. N'chifukwa chake tinapanga buku ndi sukulu. Lilime lako lidzafuna kunena bapu m'malo mwa bap, chakudya, ndi mulu m'malo mwa mul, madzi. Kachiwiri, mneni wawo amabwera kumapeto. Ife timati ndikudya mpunga, iwo amati ine mpunga ndikudya. Lamuloli ulimva m'mphindi imodzi, koma kuti pakamwa pazichita zokha usanaganize pamafunika miyezi yobwereza mokweza mawu.

Ndiye chita izi. Sankha nthawi imodzi yosasintha, kaya m'mamawa usanapite kudimba, kaya madzulo foni ikachoka kotchaja. Mphindi khumi umvetsere mawu a eni chiyankhulo n'kumawatsatira mokweza, ngakhale azichemwali ako akuseke. Mphindi khumi ubwereze mawu a dzulo, a sabata yatha ndi a mwezi watha, usanawonjezere asanu atsopano m'kope lako. Mphindi khumi ulembe ziganizo zitatu za moyo wako weniweni: ndatunga madzi, mvula yagwa, njinga yaphulika. Vuto la netiweki ndikulidziwa; ukapita ku Mponela tsitsiratu maphunziro a sabata yonse pa memori khadi. Bungwe la boma la Korea lotchedwa King Sejong Institute lili ndi maphunziro aulere pa intaneti. Peza mnzako mmodzi woti muzilonjerana naye m'Chikoreya tsiku ndi tsiku. Ndipo udziikire chandamale choona: mayeso ovomerezeka a chiyankhulochi ndi TOPIK, ali ndi magawo asanu ndi limodzi, ndipo satifiketi yosindikizidwa ndi mwini gulu la WhatsApp siiposa pepala lokulungira mandasi.

Wina anena kuti, aphunzitsi, mukuwagwetsa ulesi ana. Zaka zonsezo adya chiyani? Yankho langa n'lakuti wogwetsa ulesi ndi amene amalonjeza masabata atatu, chifukwa sabata yachinayi ikafika mwana amadziona ngati mbuli, n'kusiya, mbuzi itapita kale. Wina anenanso kuti Chikoreya chilibe ntchito ku Dowa. Mwina lero. Koma anthu a ku Korea ali kale pakati pathu. Chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2008, chinamangidwa ndi thandizo lawo. Ndipo ngakhale mwanayo asadzapondeko ku Seoul, akaphunzira kukhala pansi mphindi 30 tsiku lililonse popanda womukwapula, wapeza chinthu chimene chidzamukhozetsa masamu, Chingerezi ndi ulimi womwe.

Makolo, mwana akabwera ndi nkhani ya ndalama yolembetsera, musathamangire kukhola. Muuzeni akuonetseni kope. Ngati muli masiku 90 otsatizana, tsiku lililonse ndi deti lake ndi ziganizo zake zitatu, ameneyo muthandizeni ndi mayunitsi. Ngati kope mulibe kanthu, mbuzi ikhale. Aphunzitsi anzanga, nafenso tileke kulera ana a mwezi womaliza. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo sananene kuti mtolowo umamangidwa usiku wa mayeso.