Ambuya akanjenjemera dzanja, tisathamangire kwa ng'anga

Ku Madzimoyo, nkhalamba ikayamba kunjenjemera dzanja, kukoka mapazi poyenda, nkhope ili gwa ngati yakwiya, mlandu timaugamula tisanafike n'kuchipatala komwe. Ena amati ndi kachasu. Ena amati ndi ukalamba chabe. Oipitsitsa amanong'ona kuti zausiku zawabwerera. Ndipo ife a m'tauni, odzitama ndi mafoni, ndife timatumiza ya ng'anga pa Airtel Money. Kumbukirani kuti lamulo la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Matenda a Parkinson si achilendo. James Parkinson anawalongosola ku London mu 1817, ndipo Muhammad Ali anakhala nawo zaka zoposa 30. Amabwera maselo a mu ubongo opanga dopamine akamafa. Nthawi zambiri amayamba mbali imodzi, dzanja n'kumanjenjemera lili phee pamwendo. Mankhwala a levodopa amathandiza kwambiri.

Vuto ndi lakuti pali matenda ena ofanana nawo ngati mapasa. Wina amanjenjemera pokhapokha akanyamula kapu ya tiyi, ndipo ameneyo mankhwala ake ndi ena. Wina zamuyamba chifukwa cha mapilisi monga haloperidol kapena chlorpromazine, ndipo dokotala akawasintha, ambiri amapeza bwino. Apa sipafunika makina, pafunika munthu wofunsa kuti, "Kodi mukumwa mankhwala anji?"

Koma pali ena oti maso okha angasocheretse dokotala, makamaka matenda akangoyamba. Apa ndi pamene MRI imalowa. Tinene mosabisa: MRI wamba siionetsa Parkinson. Ubongo wa wodwala Parkinson umatha kuoneka bwinobwino pachithunzi. Ntchito ya makinawa ndi kugwira ofanana nawo aja. Pa PSP, matenda amene munthu amagwa chagada n'kumalephera kuyang'ana pansi, tsinde la ubongo limafota mpaka kuoneka ngati kambalame ka mlomo wautali. Pa MSA pamatha kuoneka kamtanda pa tsinde lomwelo. Kwa ena chithunzi chimaonetsa timasitiroko tambirimbiri, kapena madzi ochuluka mu ubongo, amene nthawi zina madokotala amatha kuwachotsa ndi kapaipi munthu n'kuyambanso kuyenda. PSP ndi MSA sizimvera levodopa kwenikweni. Banja lomwe silinauzidwe izi limagulitsa mbuzi, kenako ng'ombe, kugula mankhwala osagwira, pomaliza n'kunena kuti achipatala alephera, ndi zaanthu izi.

Manje funso lathu likupita kwa akuluakulu a zaumoyo. Zambia inayamba kuphunzitsa madokotala ake a ubongo ku UTH mu 2018, ndipo tikuyamika. Koma ochuluka a iwo ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550 pa Great East Road. Kodi gogo wolephera kuimirira yekha akhale pa basi tsiku lathunthu kuti akangouzidwa dzina la matenda ake? Amene ali pantchito amadulidwa NHIMA mwezi ndi mwezi, ku Chipata chimodzimodzi ndi ku Kabulonga.

Sitikupempha MRI pa kiliniki iliyonse. Tikufuna dokotala wa ubongo azifika ku Chipata Central Hospital pamasiku odziwika, olengezedwa pa wailesi. Tikufuna ma clinical officer a kumidzi aphunzitsidwe kusiyanitsa kunjenjemera kumeneku, kuti wopita kukajambulidwa akhale woyeneradi, tsiku lake litalembedwa asanakwere basi. Tikufunanso levodopa azipezeka pashelefu, osati papepala loti tikagule tokha.

Phungu akabwera kudzapempha voti, timufunse zimenezi ambuya ali pompo pamphasa.