Lekani kukamba kuti "property grabbing", kambani kuti kuba

Mvelani mmene timaseweletsela liu lakuti "grab" muno mu Lusaka. Mnzako akati "let's grab a drink", afuna chabe mukamwe mwamsanga. Ukalowa mu ofesi akuuza kuti "grab a seat", ndiye kuti khala pansi. Palibe amene amalila. Koma pa City Market kapena pa Kulima Tower, mnyamata akakwatula foni pa windo ya minibasi, palibe amene amasakila Chizungu. Tonse timakuwa kuti "Kawalala!"

Manje pali "grab" wachitatu, ndipo uyu ndiye wanikwiyitsa. Mwamuna wamwalila. Tenti ikalibe kuchoka pabwalo, abale ayamba kale kuwelenga: fuliji, TV, sofa, makiyi a galimoto, mapepala a nyumba. Pakapita sabata, mkazi wamasiye na ana agona pa simenti. Pa wailesi na m'ma workshop tamva dzina lake: "property grabbing". Limamveka monga mutu wa mayeso. Mulibe munthu m'liu limenelo, mulibe manyazi.

Chinyanja sichibisa munthu. Kutola n'kutenga chimene chagwa. Kukwatula n'kwa msanga, monga mphamba pa kamwana ka nkhuku. Kulanda n'kwa mphamvu, mwini akuona. Kuba n'kuba. Liu lililonse limakuuza amene wachita na amene wapwetekedwa. Chizungu chimaika fuliji ya ana amasiye m'thumba limodzi na botolo ya Fanta, ndipo ife tavomela chifukwa olanda aja ni amalume athu, atate aang'ono, atete athu.

Ena adzakamba kuti ni mwambo. Mwambo uti? N'zoona kuti kwa Achewa chuma chinali kutsata mbumba ya kwa amayi. Koma wolowa m'malo anali kusenzanso udindo: kudyetsa, kuveka, kuweluza milandu ya pabanja. Amene atenga galimoto n'kusiya ana opanda ya sukulu wasankhapo mnofu, fupa wasiyila ena.

Ndipo lamulo lilipo kuyambila mu 1989. Intestate Succession Act imakamba kuti munthu akamwalila osalemba wilo, ana atenga 50 pelesenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalilayo 20, ndipo amene anali kudalila iye 10. Katundu wa m'nyumba ni wa wotsalayo na ana. Nyumba nayo ni yao, ndipo wamasiye ali na ufulu wokhalamo mpaka imfa kapena atakwatiwanso. Sakilani dzina la mlamu pa mndandanda uwu, simuzalipeza, pokhapo ngati nayenso anali kusungidwa na malemu. Wolanda angathe kulipilitsidwa kapena kumangidwa.

Palinso liu lina limene timabisalamo: "administrator". Banja likakusankha ndipo khoti ikakupatsa pepala, nchito yako ni kusonkhanitsa chuma, kulipila nkhongole na kugawila eni ake. Sunakhale mwini. Ndiwe wotumidwa.

Ise achinyamata tili na mlandu wathu pano. Ndise amene timanyamula. Akulu amaloza chabe, koma msana umene umakweza fuliji mu Canter ni wathu, foni imene imaitana dalaivala ni yathu. Mphwanu wa giledi 4 amaimilila pakhomo kukuyang'anani, ndipo sazaiwala nkhope yanu.

Ndiye pa malilo otsatila, akakuuzani kuti "gwilako uku", funsani mokweza kuti katunduyu apita kuti, ndipo wavomela ndani. Akalimbikila, pelekezani wamasiye ku Victim Support Unit ku polisi. Ndipo pofotokoza, musakongoletse na Chizungu. Kambani monga mmene mumakambila pa Kulima Tower: aba.