Wetani madzi kaye, nsomba zibwere pambuyo

Ulimi wa nsomba si wachilendo m'dziko muno. Maiwe oyamba anakumbidwa cha ku Nchenachena m'boma la Rumphi m'zaka za m'ma 1950, ndipo ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli malo a boma amene akhala akuswetsa mbewu ya nsomba ndi kuphunzitsa alimi kwa zaka zambiri. Kuno ku Ntcheu nako maiwe alipo m'madambo ndi m'mphepete mwa timitsinje. Koma si onse amene akupatsa eni ake ndiwo ndi ndalama. Nsomba zikafa kapena kupinimbira, ena amaloza chala mbewu, ena akatumbu ndi ang'azi, enanso amati alodzedwa ndi anansi ansanje.

Ine ndikuti, alimi anzanga, nthawi zambiri mlandu uli pa madzi. Tikuika nsomba m'madzi osapsa. Munthu akumba dziwe mwezi wathunthu, alowetsa madzi Lachisanu, pofika Lolemba wathiramo kale tiana ta makumba. Kumeneko n'kubzala chimanga m'munda wosagaula.

Tiphunzireko kwa anthu amene amasunga nsomba m'mabokosi agalasi m'nyumba zawo ku Ulaya ndi ku America. Ena mwa iwo amasunga mbuna za m'nyanja yathu yomwe ino, zimene malemu Stuart Grant anayamba kutumiza kunja kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970. Enanso amasunga nsomba za m'nyanja zamchere pamodzi ndi zamoyo zooneka ngati miyala zimene zimamera pansi pa nyanjazo. Anthu amenewa akagula bokosi latsopano amathiramo madzi, mchenga ndi miyala, n'kulisiya milungu 4 mpaka 6, nthawi zina kuposera apo, popanda nsomba ngakhale imodzi. Ndalama ali nazo, nsomba zili m'sitolo, koma amadikira. Kodi amadikira chiyani?

Nkhani yake ili motere. Nsomba ikadya imatulutsa zonyansa, ndipo chakudya chotsala chimaola pansi. Zonsezi zimabala amoniya, mpweya womwe uja umene umalasa m'mphuno mukalowa m'khola la nkhuku losasesa. M'madzi, amoniya ndi poizoni: amawononga makha amene nsomba imapumira. Mwamwayi pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino. Kenaka tizilombo tina timasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, chakudya cha zomera chomwe chija chimene timagula m'thumba la feteleza wa CAN. Tizilombo timeneti sitichuluka tsiku limodzi. M'madzi atsopano timakhala tochepa, ndiye poizoni amasowa womuchotsa.

Dziwe ladothi lili ndi mwayi kuposa bokosi lagalasi. Lili ndi matope, dzuwa ndi ndere zing'onozing'ono zimene zimabiriwiritsa madzi. Nderezi zimayamwa amoniya, zimatulutsa mpweya wabwino masana, komanso ndicho chakudya chenicheni cha makumba ndi tiana ta chilunguni. N'chifukwa chake ife sitifunika kudikira milungu 6. Sabata imodzi kapena ziwiri zikwana. Koma ngakhale masiku ochepa omwewo tikuwaona ngati chaka.

Nanga madzi amapsa bwanji? Titenge dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi mamita 20 m'litali, lakuya mofika m'mawondo mbali imodzi ndi mofika m'chifuwa mbali inayo. Musanalowetse madzi, wazani laimu waulimi pansi ponse, makilogalamu 20 mpaka 40. Dothi lofiira ndi la m'madambo ambiri limakhala ndi asidi, ndipo m'madzi a asidi manyowa sagwira bwino ntchito. Ngati laimu wasowa, phulusa la pamoto limathandizako. Lowetsani madzi kudzera pa sefa kapena kaukonde kuti milamba ndi nsomba zina zam'tchire zisalowe. Pangodya mangani kakhola ka nsungwi, muziikamo zitosi za nkhuku zouma, makilogalamu 5 mpaka 10 pa sabata, kapena ndowe za mbuzi ndi ng'ombe zochulukirapo popeza mphamvu yake ndi yocheperako. Mukatero tsekani polowera madzi. Ambiri amasiya madzi akungodutsa usana ndi usiku poganiza kuti nsomba zimakonda madzi oyera ngati a pa mjigo. Potero manyowa onse amakanonetsa dimba la mnansi wakumunsi.

Chida choyezera muli nacho kale: mkono wanu. Pisani mkono m'madzi, chikhatho chitaloza kumwamba. Chikhatho chikamaonekabe madzi atapitirira chigongono, madziwo ndi osapsa, onjezani manyowa ndi kudikira. Chikazimirira madzi atafika m'chigongono ndipo mtundu wake ndi wobiriwira, ikani nsomba. Chikazimirira madzi asanatalikire pamfundo ya dzanja, mwanyanya. Lekani manyowa, lowetsani madzi atsopano. Madzi ofiira ndi matope musawayese madzi okupsa; amenewo amatchinga dzuwa.

Kunyanya manyowa n'koopsa ngati kuwamana. Usiku ndere sizitulutsa mpweya koma zimapuma pamodzi ndi nsomba, kotero mpweya umachepa kwambiri m'bandakucha. Mlimi weniweni amafika padziwe dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zili yasa! pamwamba ngati zikumwa mphepo, ndipo siziopa mthunzi wanu, musaziponyere madeya tsiku limenelo. Tsegulani madzi.

Pali zina ziwiri zimene ife a ku Ntcheu tiyenera kuziganizira mwapadera. Choyamba ndi kuzizira. Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akafunda madigiri 25 mpaka 30, ndipo akatsika pansi pa 20 zimadya pang'ono. Ndere ndi tizilombo tija nazonso zimachita ulesi. Mlimi wa ku Tsangano, Lizulu kapena Mlangeni asadziyerekeze ndi mnzake wa ku Bwanje kapena Kasinje kumene kumatentha. Kumtunda, dziwe lodzazidwa mu June kapena July limachedwa kubiriwira; nzeru n'kukumba m'chisanu ndi kuika nsomba kukayamba kufunda, cha mu September kapena October.

Chachiwiri ndi mankhwala a m'madimba. Boma lathu limadyetsa mizinda tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere, ndipo zonsezi timazipopera. Munthu mmodzi akatsukira sipuleya m'ngalande kumtunda, maiwe onse akumunsi ali pangozi. Apa mafumu ndi makomiti a m'midzi aikepo lamulo: zotsukira mankhwala zitayidwe m'dzenje, kutali ndi madzi oyenda.

Ena adzati kudikira kumapatsa mpata achule kuti aikire mazira, mbululu n'kudzaza dziwe, komanso tizilombo togwira tiana ta nsomba n'kuchuluka. Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikuti dziwe likhale miyezi lili lokha. Madzi akangopsa, nsomba zilowe. Chofunika n'kupangana ndi wogulitsa mbewu tsiku lenileni, kenaka n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo masiku 14 kuti mudziwe tsiku lolowetsa madzi. Mbewu ikafika, yandamitsani thumba kapena ndowa padziwe mphindi 15 mpaka 30 kuti madzi afanane kufunda, ndipo musapitirire nsomba 2 kapena 3 pa mita imodzi mbali zonse ngati chakudya chanu ndi madeya ndi manyowa basi. Mbewuyo ichokere kodziwika. Tisaiwale kuti mu 2020 matenda a zilonda za nsomba anabuka ku Mchinji, ndipo amafala kudzera mu nsomba, madzi ndi maukonde ochoka kwina.

Mawu anga omaliza apite kwa mabungwe ndi atsogoleri amene amathandiza makalabu a nsomba. Thandizo lanu timaliyamikira. Koma mwambo wopereka mbewu usamatsate tsiku limene galimoto ndi alendo olemekezeka ali ndi mpata. Uzitsata madzi. Ndaonapo dziwe likudzazidwa usiku kuti m'mawa amayi avine, alendo athiremo nsomba, ajambulitse n'kumapita. Wotsala ndi nsomba zoyandama ndi mlimi, ndipo pambuyo pake amatchedwa waulesi. Chonde bweretsani laimu ndi mlangizi masabata awiri mbewu isanafike, ndipo pomalemba malipoti anu muziwerenga makilogalamu amene akololedwa patatha miyezi 6, osati tiana timene tagawidwa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene mukukumba maiwe chaka chino, kaonaneni ndi mlangizi wa za nsomba ku ofesi ya boma ku Ntcheu madzi asanalowe, ndipo musalole munthu aliyense, kaya ndi wogulitsa mbewu kaya wopereka ulere, kukuthirirani nsomba mkono wanu usanavomere.